Andiimitsa ntchito chifukwa cha khunyu, akuti ndibweretse kalata ya dokotala

Woyang'anira gulu: Abale a pa gulu lino, uthenga uwu wabwera kwa ine mwamseri ndipo mwini wake wapempha kuti dzina tilibise. Aziyankha kudzera mwa ine. Chonde tiyankhe mwaulemu, munthuyu akudyetsa banja.

Mwini nkhani: Moni nonse. Ndimagwira ntchito pa depoti ina yogula soya, mtedza ndi chimanga pano pa Kasungu boma. Ntchito yanga yeniyeni ndi ya pa sikelo, kulemba makilogalamu ndi kupereka malisiti, koma nyengo ya msika ikafika tonse timathandiza kusanja matumba pa sitaki mpaka usiku. Ndili ndi matenda a khunyu kuyambira ndili ku pulayimale. Amayi amati anayamba nditadwala malungo aakulu. Ndimamwa phenobarbitone ndipo panadutsa zaka zambiri ndisanagwe. Polembedwa ntchito palibe anandifunsa za matenda, inenso sindinanene. Sabata yatha ndinagwa pa ntchito anzanga akuona. Abwana andiuza kuti ndikhale kunyumba mpaka ndibweretse kalata ya dokotala yonena kuti ndachira. Anangonena pakamwa. Ndiye ndikufunsa: kalata yotereyi imatengedwa kuti? Dokotala angalembe kuti ndachira pomwe mankhwala ndikumwabe? Nanga malipiro a mwezi uno? Usiku sindikugona, ndikuona ngati andichotsa kale koma akungosowa ponenera.

Nachisale wa ku Chulu: Pepani kwambiri achimwene. Musataye mtima, pagulu pano pali anthu odziwa.

Namwino wopuma wa ku Mtunthama: Mwanawanga, ndisanayankhe za kalata ndikufunseni kaye. Masiku amene munagwawo mankhwala mumamwa tsiku lililonse? Mumagona maola okwanira? Munali ndi malungo kapena kutentha thupi? Mowa mumamwa? Ndipo munagwera pati, pansi kapena pamwamba pa sitaki?

Mwini nkhani: Amayi, mowa sindimwa. Mankhwala anali atatha. Ku chipatala chaching'ono kumene ndimatengera anandiuza kuti sanabwere, ndikayese kwina, ndipo ku ntchito kunali kothina moti kuchoka masana kunali kosatheka. Tinkawerukanso mochedwa kwambiri chifukwa cha malole. Mwamwayi ndinagwera pansi, pafupi ndi sikelo. Mnzanga wina anandilowetsa supuni m'kamwa, dzino linabenthuka. Ena anathawa.

Namwino wopuma wa ku Mtunthama: Ndiye nkhani yanu ili ndi mutu wake. Munthu amene wakhala zaka osagwa, kenako wadukiza mankhwala nthawi yomweyo akusowa tulo, kugwa kwake sikodabwitsa. Zinthu ziwirizi ndi zimene zimadzutsa khunyu kawirikawiri, ndipo phenobarbitone ndi mankhwala oopsa kuwasiya mwadzidzidzi. Izi mukazinene kwa dokotala momwe mwanenera panomu, chifukwa zikusonyeza kuti matenda sanakule, chinasokonekera ndi kamwedwe.

Pitani ku chipatala cha boma cha Kasungu. M'zipatala za maboma odwala khunyu nthawi zambiri amaonedwa ku kiliniki yomwe imaonanso matenda a maganizo. Musakhumudwe nazo, khunyu si misala, kungoti ogwira ntchito kumeneko ndi amene anaphunzira bwino za mankhwala amenewa. Tengani buku lanu la kuchipatala, lakale lomwe ngati lilipo, chifukwa ndilo umboni wakuti mwakhala pa mankhwala nthawi yaitali. Tenganinso munthu amene anaona mukugwa. Inuyo simukumbukira zimene zinachitika, koma dokotala afuna kudziwa ngati thupi lonse linauma ndi kugwedezeka kapena mbali imodzi, zinatenga mphindi zingati, ndiponso munatsitsimuka patapita nthawi yotani. Akaona kuti pakufunika kupima zambiri akutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Tsono za kalata. Dokotala woona sangalembe kuti mwachira, ndipo musamukakamize. Khunyu ali ngati BP kapena shuga: munthu amakhala bwinobwino, amagwira ntchito, koma ali pa mankhwala. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amati mwa anthu 10 odwala khunyu, pafupifupi 7 angathe kukhala osagwa akalandira mankhwala oyenera. Ena amadzasiyitsidwa mankhwala pang'onopang'ono akatha zaka ziwiri kapena kuposerapo osagwa, koma woganiza zimenezo ndi dokotala. Kalata imene ingakuthandizeni ndi yonena kuti munthuyu ali pa chithandizo, angathe kugwira ntchito zakutizakuti, apewe zakutizakuti, ndipo tidzamuonanso tsiku lakuti. Kuti dokotala alembe zomveka, akufunika kudziwa ntchito yanu. Mukangoti "ndimagwira ku depoti" iye sadziwa kuti kuli makwerero ndi sitaki yofika kudenga. Pemphani abwana akulembereni ntchito zonse zimene mumagwira, mupite nazo. Kalatayo ikhale ndi dzina la woilemba, tsiku ndi chidindo cha chipatala.

Wakale wa yuniyoni, Santhe: Ndionjezere mbali ya malamulo, poti ndinakhalapo woimira antchito pa esiteti ya fodya. Choyamba, mawu a pakamwa ndi oopsa. Mawa lomwe lembani kakalata kopita kwa abwana kapena a HR, ofesi yoona za antchito, konena kuti, "Monga munandiuzira pa tsiku lakuti kuti ndikhale kunyumba mpaka ndibweretse kalata ya dokotala, ndikudziwitsani kuti ndikupita ku chipatala." Sungani kope yake. Popanda zimenezi mawa akhoza kunena kuti munathawa ntchito nokha, ndipo ndaonapo anthu akuluza milandu mwa njira imeneyi.

Chachiwiri, lamulo la zantchito la chaka cha 2000, Employment Act, gawo 46 limati munthu amene wagwira miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola pakhale chikalata cha chipatala. Ndiye mukapita ku chipatala mupemphenso kuti masiku amene mwakhala kunyumbawa alembedwe. Gawo 5 limaletsa tsankho pa ntchito, kuphatikizapo la ulumali. Gawo 57 limati pochotsa munthu pakhale chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, kuthekera kwake kugwira ntchito kapena zosowa za kampani, ndipo ngati nkhani ili ya khalidwe kapena kuthekera, ayambe apatsidwa mpata wodziyankhira. Kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chochotsera munthu. Akakuchotsani, muli ndi miyezi 3 yokadandaula kwa mkulu wa ofesi ya leba ya boma lino, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti loona milandu ya pa ntchito, Industrial Relations Court. Ku leba musadikire kuti zifike poipa, mukhoza kupita ngakhale panopa kukangofunsa.

Mwini nkhani: Zikomo bambo. Chaka ndinapitirira kalekale. Za tchuthi cha matenda sindinkazidziwa n'komwe.

Aphiri a chigayo ku Chamama: Ndilankhuleko ngati wolemba anthu ntchito, ngakhale ena mundida. Abwana akewo musawaweruze msanga. Ine ndili ndi chigayo cha dizilo, lamba amazungulira tsiku lonse. Munthu atagwa n'kugwera pa lamba uja, mkono wapita, mwina moyo. Akubanja sadzandifunsa za gawo 5, adzandifunsa chifukwa chimene ndinamuikira pamenepo ndikudziwa. Chipukuta misozi ndidzalipira ndine. Ndiye ndikamva kuti wantchito ali ndi matendawa, mtima umagunda. Si nkhanza ayi, ndi mantha.

Wakale wa yuniyoni, Santhe: Aphiri, mantha anuwo ndi oona ndipo palibe akukutsutsani. Bwana ali ndi udindo woteteza antchito, lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito limanena zimenezo. Kupempha kalata ya dokotala sikulakwa. Kulakwa ndi kupempha kalata imene mukudziwa kuti siingalembedwe, yoti munthu wachiriratu, kenako n'kumati walephera kubweretsa. Pa chigayo panupo ntchito si ya pa injini yokha. Pali woyeza ndowa, wolandira ndalama, wolemba m'buku. Mnyamatayu ntchito imene anamulembera ndi ya pa sikelo, pansi, ndi cholembera m'manja. Chimene chikufunika kuchotsedwa ndi kukwera sitaki ndi kuchezera usiku, osati munthuyo. Komanso lamba wa chigayo amayenera kutchingidwa ndi chitsulo kaya pali wakhunyu kaya palibe. Amayi angati zitenje zawo zinakokedwapo ndi lamba ali bwinobwino?

Aphiri a chigayo ku Chamama: Za kutchinga lamba mwanena zoona. Koma ndinenebe kuti ine ndingafune kuuzidwa poyamba, osati kudzadziwa munthu ali pansi.

Mnyamata wa ku Nkhamenya: Kuuzidwa poyamba kuti mutani? Tinene zoona pano. Mchemwali wanga ali ndi matendawa. Kulikonse kumene ananena poyera pa intavyu anamuuza kuti tidzakuimbirani, mpaka lero. Kumene anakhala chete anamulemba. Ndiye amene mukuti azinena, mudzamudyetsa ndinu? Ine ndimamuuza kuti atseke pakamwa basi.

Nabanda, mphunzitsi: Achimwene a ku Nkhamenya, ululu wanu ndikuumva chifukwa inenso ndili ndi khunyu, ndipo sindibisa dzina la matenda anga pagulu lino. Ndimamwa carbamazepine ndipo ndikuphunzitsa. Zimene mwanena za intavyu zimachitikadi. Ine maganizo anga ndi awa: ngati ntchito ili ya mu ofesi, ya m'sitolo kapena ya m'kalasi ndipo sanakufunse, sukakamizidwa kuyamba ndi nkhani ya matenda tsiku la intavyu. Koma ukakhazikika, payenera kukhala anthu awiri kapena atatu odziwa, mmodzi mwa iwo akhale wokhoza kukupatsa chilolezo chochoka. Ine ndinauza ahedi ndi aphunzitsi awiri amene makalasi awo ayandikana ndi langa. Phindu lake ndi lakuti tsiku la kiliniki ndimapita osanamizira maliro, ndipo mankhwala akasowa kufupi ndimapempha m'mawa umodzi kukawafuna ku boma. Taonani nkhani ya mnzathuyu: mankhwala anatha, koma analibe woti amuuze kuti ndiloleni ndichoke. Chinsinsi chija ndi chimene chinamutsekera njira. Koma fomu ikafunsa mwachindunji, kapena ntchito ikakhala ya makina, ya pamwamba, ya pamoto kapena ya pamadzi, kunama n'kudziika pa ngozi, komanso kumapatsa bwana chifukwa chenicheni chokuchotsera.

China, kwa mwini nkhani: kalata ya dokotala isakhale ndi mbiri yanu yonse. Abwana akufunika kudziwa zimene mungagwire ndi zimene mupewe. Buku lanu la kuchipatala ndi lanu, musalisiye mu ofesi kuti aliyense azilitsegula.

Mwini nkhani: Aunt, chimene chikundiwawa kwambiri si kalata. Ndinapita kukatenga jekete langa, ndinapeza anzanga akudya nsima. Kale timadyera mbale imodzi. Tsiku limenelo aliyense anangoti ndakhuta. Wina ananena kuti thovu langa linamugwera pa mkono ndiye akuopa.

Nabanda, mphunzitsi: Zimenezo zimapweteka kuposa kugwa kwenikweniko, ndikudziwa. Ambirife tinakula tikuuzidwa kuti ukakhudza thovu kapena ukapuma mpweya wa munthu amene wagwa, nawenso utenga. N'chifukwa chake anthu amapsa pamoto abale awo ataima poteropo. Khunyu sapatsirana, kaya ndi malovu, kaya ndi mbale, kaya ndi kugona chipinda chimodzi. Ndi vuto la mu ubongo. Mukabwerera pemphani abwana mphindi zochepa m'mawa, anzanu onse alipo, muwafotokozere nokha kapena mubwere ndi wazaumoyo. Anthu ambiri sathawa chifukwa cha udani, amathawa chifukwa sadziwa chochita ndi manja awo.

Namwino wopuma wa ku Mtunthama: Ndipo chochitacho n'chochepa, aliyense pagulu pano achisunge. Chotsani zinthu zimene zingamuvulaze, muikeni chofewa kumutu, mumasuleni kolala. Musamupanikize kuti asiye kugwedezeka. Musamuike kanthu m'kamwa, supuni, chala kapena mtengo. Lilime silimezedwa, mwaona nokha kuti supuni yathyola dzino. Kugwedezeka kukatha mugonekeni cham'mbali kuti malovu atuluke, ndipo musamumwetse madzi mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Wina ayang'ane nthawi pa foni. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, kapena wavulala mutu, kapena ndi mayi woyembekezera, thamangirani naye ku chipatala. Akadzuka amakhala wotopa ndi wosokonezeka, mukhale naye, musamuunjirire.

Mayi a mvano, Lisasadzi: Ine ndingoti mwana ameneyu abwere naye ku mapemphero. Zinthu zina si za chipatala. Bwanji wakhala zaka zonsezi bwinobwino n'kudzagwa nthawi imene ntchito ikuyenda? Pamalo a ndalama pamakhala nsanje.

Namwino wopuma wa ku Mtunthama: Amayi, inenso ndine wa mvano ndipo ndimupempherera usiku uno. Koma chifukwa chimene wagwera wachinena yekha: mankhwala anatha, tulo kunalibe. Tikayamba kuloza anzake zala timuonjezera adani pamalo pamene akufuna kubwererapo. Pa zaka zanga za unamwino ndinalandirapo anthu amene anauzidwa kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, anabwera akugwa mosalekeza, ena ndi zilonda za moto. Zoyambitsa khunyu zambiri n'zodziwika: malungo okhudza ubongo, matenda oumitsa khosi, mwana kubanika pobadwa, kuvulala mutu pa ngozi, sitiroko, ngakhale mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba akalowa m'thupi kudzera m'zakudya kapena madzi oipitsidwa ndi chimbudzi. Pempherani naye, mumuperekezenso ku kiliniki.

Mayi a mvano, Lisasadzi: Za kutaya mankhwala sindinanene ine. Amwe ndithu, ife tipemphera.

Nachisale wa ku Chulu: Anesi, funso lapambali. Mwana wa mchemwali wanga amamwa mankhwala omwewa ndipo akufuna kuyamba kulera. Palibe vuto?

Namwino wopuma wa ku Mtunthama: Anene ku kiliniki ya kulera kuti amamwa mankhwala a khunyu. Phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amafooketsa mapiritsi olera ndi njira ya pamkono ija, ndiye amuthandize kusankha ina monga lupu kapena jakisoni. Mankhwala ena a khunyu otchedwa sodium valproate akhoza kuvulaza mwana m'mimba, choncho wofuna kutenga pakati akambirane ndi dokotala asanatero, osasiya yekha. Amene ali pa ma ARV nawonso anene, chifukwa mankhwala ena a khunyu amachepetsa mphamvu yake ndipo mlingo umafunika kuunikidwa.

Woyang'anira gulu: Mwini nkhani watumizanso uthenga.

Mwini nkhani: Ndinapita ku chipatala ndi mnzanga amene anaona zonse. A HR anandilembera ntchito zanga nditawapatsa kakalata kaja. Adokotala andiyambitsanso mankhwala ndipo alemba kuti ndingathe kugwira ntchito ya pa sikelo ndi ya mu ofesi masana, ndisakwere pamwamba, ndisagwire pafupi ndi makina osatchinga, ndisachezere usiku, ndipo ndizipatsidwa mpata wa kiliniki. Adzandionanso pakapita miyezi ingapo. Abwana awerenga, akuti aganize kaye chifukwa nthawi ya msika amafuna munthu wogwira chilichonse. Sanakane, sanavomere.

Wakale wa yuniyoni, Santhe: Mwachita bwino. Tsopano alembereni kuti mwapereka kalata tsiku lakuti ndipo ndinu wokonzeka kuyamba ntchito, akuuzeni tsiku. Wolandira kalatayo asayine pa kope yanu. Sabata ikatha ali chete pitani ku leba ndi mapepala onsewo. Musasayine chilichonse cholembedwa kuti mwasiya ntchito mwakufuna kwanu, ngakhale atakulonjezani ndalama ya pamanja.

Aphiri a chigayo ku Chamama: Kalata yotereyi ine nditailandira ndikhoza kugwira nayo ntchito. Ikundiuza pomuika munthu.

Woyang'anira gulu: Pabwera uthenga wina wamseri, wa munthu wina. Ndiuika momwe ulili: "Ine ndimayendetsa minibasi pa msewu wa M1. Sindigwa pansi ngati mnzathuyo. Kungoti nthawi zina ndimangoti zii kwa kanthawi kochepa, kondakitala amati ndimatafuna pakamwa osayankha, kenako ndimabwerera. Kunyumba zinachitikapo, pa msewu kamodzikamodzi. Ndikapita ku chipatala andilanda laisensi. Ana anga adya chiyani?"

Namwino wopuma wa ku Mtunthama: Bambo, ndikuyankhani mosapsatira chifukwa ndikufuna mukhale ndi moyo. Zimene mwafotokozazo zikufanana kwambiri ndi mtundu wina wa khunyu umene munthu sagwa koma nzeru zimachoka kwa kanthawi. Woti atsimikize ndi dokotala, koma mpaka atakuonani musagwire chiwongolero. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita oposa 20 pa sekondi imodzi. Masekondi 10 muli zii ndi mamita oposa 200 popanda woyendetsa, m'mbuyo muli anthu odzaza, m'mbali mwa msewu muli ana a sukulu ndi a kabaza. Apa palibe kalata imene ingakonze zinthu ngati ya mnzathu wa pa sikelo. Pitani mawa, kondakitalayo apite nanu akafotokoze zimene amaona. Mtundu umenewu nawonso uli ndi mankhwala.

Mbale wa ku Leeds: Kuno ku UK munthu akagwa khunyu amayenera kutha chaka osagwa asanayendetsenso galimoto yake, ndipo wa basi kapena lole amafunika zaka 10 osagwa komanso osamwa mankhwala. Ndikunena kuti muone kulemera kwake kwa nkhani yonyamula anthu. Achimwene, ndikupemphani, imani kaye.

Mnyamata wa ku Nkhamenya: Apa ngakhale ine amene ndimati anthu azibisa, ayi. Amayi anga amakwera minibasi zomwezo popita ku boma.

Nabanda, mphunzitsi: Funso lake la ana lisatayike. Bambo, mwini galimoto mumagwirizana naye bwanji? Pa siteji pali ntchito zina, kulemba ma tiripi, kusunga ndalama, kuyang'anira galimoto zikapita ku garaja. Amene muli ndi mabizinesi pagulu pano, munthu wodziwa msewu ndi makasitomala ngati ameneyu ndi wofunika.

Woyang'anira gulu: Wayankha kuti lero sanapite ku ntchito, wauza mwini galimoto kuti akudwala ndipo mawa apita ku chipatala. Akufunsa ngati angakhale kondakitala pakadali pano.

Namwino wopuma wa ku Mtunthama: Angathe ngati akhala pa mpando mkati, chitseko chili chotseka galimoto ikamayenda. Zolendewera pakhomo ndi zokwera pamwamba kukamanga katundu ayi. Afunsenso adokotala mawa lomwelo, ndipo dalaivala amene aziyenda naye adziwe chochita zikamuchitikira.